Nkhope ya Aphungu Pansi pa Mpunga

1. Malonda a pafoni

Chaka chimenecho mpunga unachita bwino ku Malengachanzi. M'madambo monse munkanunkhira Kilombero, ndipo amayi a gulu la Tiyanjane ankalawirira ndi zikwakwa mame asanakamuke. Vuto linali lomwe lija la chaka ndi chaka: ogula. Mavenda ankafika ndi masikelo awo n'kutchula mtengo umene akufuna, amayi n'kungovomera poti kwina kogulitsa kunalibe.

Wamng'ono pa onse m'gulumo anali Mwawi. Sukulu anaisiyira Folomu 2 atatenga pathupi, ndipo tsopano ankayenda ndi mwana wake Vitu kumsana kulikonse. Anali ndi foni yosweka galasi pakona, koma foniyo inkamumvera kuposa mmene Vitu ankamumverera.

"Amayi, bwanji chaka chino tidzilengezere tokha?" anatero pa msonkhano wa gulu. "Ndijambule kanema, ndiike pa Tikitoko ndi pa Fesibuku. Anthu a ku Lilongwe aone okha mpunga wathu, atiimbire."

Mayi Nester, omwe anali wapampando, anapukusa mutu. "Chaka chatha tinapita ku wailesi ya kubomaku. A Raston anatilengezera bwinobwino."

"Nanga anamva ndani? Anthu a konkuno, oti mpunga uli mbwee m'nyumba zawo. Wogulitsa usipa sapita nawo kudoko, amayi."

Amayi onse anaseka. Mayi Nester anadikira kuti phokoso lithe, kenako anamuloza ndi chala.

"Chabwino make Vitu, jambula. Koma undimvere. Ife tinakula ndi wailesi. Mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo: wamva wamva, amene anali kumunda zamudutsa. Zanuzi sizipita. Mwana wa mchemwali wanga ku Kanyenda anavina mosadzigwira pa ukwati wa mnzake chaka cha dzana. Mpaka lero anthu akumuonabe akuvina, mwini wake ali pabanja, apongozi akuonera. Ndiye ukamajambula uziona zonse, osati chokhacho chimene mtima wako wakonda. Uyang'ane kumbuyo, uyang'ane pansi. Munthu wamkulu usamujambule usanamupemphe. Komanso chino ndi chaka cha chisankho. Anthu makutu ali tcheru, ngakhale ukatsokomola amati wanena kanthu."

"Ndamva, amayi," anatero Mwawi, maso ali pafoni.

M'mawa mwake anapita kudambo kwa mayi Rahma. Pa nkhani yopuntha mpunga, m'gulu lonse munalibe wowaposa. Amuna awo a Swaibu anafa ziwalo mbali imodzi, choncho munda wonse unali pamapewa a mayiwo. Lona wawo wopunthirapo anang'ambika kalekale, ndiye analumikiza zisaka ndi zitenje zakale n'kuyala pansi.

"Ndikujambuleni, amayi?"

"Jambula mwanawe, koma makwinyawa uwachotse."

Anaunjika mpunga pansalu paja, ananyamula ndodo, n'kuyamba nyimbo. Pha! Pha! Pha! Mpunga unkathetheka ngati mvula pa malata. Kenako anatenga lichero n'kupeta, mankhusu akuuluka. Mwawi analankhula mawu ochepa, anatchula nambala ya foni, n'kutumiza.

Tsiku lisanathe anamuimbira mayi wina wa lesitilanti ku Salima, kenako bambo wa golosale ku Lilongwe. Mwawi anayenda m'mudzi ngati mapazi sakugunda pansi.

2. Wina wadula kanema

Chisangalalocho sichinakhalitse. Tsiku lina ali pamjigo, anaona atsikana ataunjikana pafoni imodzi akuseka mpaka misozi. Atamuona anamukodola.

"Make Vitu, watchuka! Taona!"

Anali kanema wake yemwe uja, koma wina anamudula. Mawu ake anachotsamo, nambala ya foni anachotsamo, lichero anachotsamo. Anasiya ndodo yokha, n'kukokera chithunzi pafupi. Pansi pa mapesi a mpunga panali kuoneka nkhope ya a Dyton Kalonjere, phungu wa deralo, pa chitenje chofwifwa cha chisankho chapitacho. Ndodo ikatsika inkagwera pamphumi penipeni. Pamwamba analembapo kuti: AMAYI A MALENGACHANZI ATOPA NAYE!

Mwawi anamuoneranso kanemayo. Pojambula paja anaona mpunga, anaona manja a mayi Rahma, anaona dzuwa. Pansi sanayang'anepo.

Kwathu kuno chitenje ndi chitenje. Nthawi ya kampeni akamagawa, mayi wanzeru amalandira kwa aliyense, chifukwa nsalu ndi yodula. Chikakhala chatsopano amachivala. Chikafwifwa amaberekera mwana, amapindira nkhata, amatchingira pakhomo, pomaliza amayanikirapo ufa kapena mpunga. Akachichapa kangapo palibe amene amaonanso kuti pali nkhope ya munthu. Koma a kutali oonera pafoni izi sazidziwa, ndipo ena odziwa amasankha kuiwala.

Mwawi anafufuta kanema wake pa intaneti pomwepo. Sizinathandize. Wodulidwa uja anali kale m'magulu onse a Watsapu, kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Benga. Madzi akatayika saoleka.

Masana omwewo njinga zamoto zinadutsa pakhomo pa mayi Rahma. Anali anyamata otsatira a Dyton, nkhope atazibisa m'zipewa.

"Mayi wandodo! Mulu wako uja kudambo usanduka phulusa!"

Mulu umenewo unali zokolola zawo zonse za chaka, zodula kale koma zosapuntha, zouma gwa. Kamtengo kamodzi ka machesi kanali kokwanira.

Mwawi anawapeza atakhala pakhonde, atagwira tsaya.

"Make Vitu, ndinakulakwira chiyani?" anafunsa osakweza mawu. "Walahi, nkhope ija ine sindinaione n'komwe. Nsalu ija ndinaberekera mdzukulu wanga mpaka anayenda. Lero akuti ndamenya phungu. Mpunga uja ukapsa, bambo ako a Swaibu m'nyumbamu ndiwadyetsa chiyani? Kanema?"

Mwawi anagwada.

3. Foni ya m'katoni

Pobwerera kunyumba anapeza njinga yamoto yofiira itaima pansi pa mtengo wa mango. Mwini wake anali Sadick, amene ankakhala naye kalasi imodzi. Tsopano ankayendetsa za mafoni ndi makanema pa kampeni ya a Useni Mpalume, omwe ankapikisana ndi a Dyton.

"Mwawi wa 2B! Uja ankatiposa masamu tonse! Mwana wakula bwanji, akufanana ndi ine."

"Mwina chala chokha. Ukufuna chiyani, Sadick?"

"Ndabwera ndi moni wa abwana." Anatulutsa katoni m'chikwama. Munali foni yatsopano, pepala lake losamatula. "Dzanja lako ndi labwino, aise. Kanema uja watigwirira ntchito yoposa misonkhano yonse. Masiku ano ndani amakhala padzuwa kumvera wandale? Ndani amagula nyuzi? Anthu ali m'mafoni."

"Unamudula ndiwe?"

Sadick anaseka. "Kanema akalowa pa intaneti ndi nsomba ya m'nyanja. Wakola wakola."

"Nsomba yako ikupsetsa mpunga wa munthu."

"N'chifukwa chake ndabwera. Upite ukawajambulenso mayi aja. Angonena mawu ochepa: 'Inde, ndinachita dala, tatopa.' Basi. Anyamata athu akalondera muluwo, palibe angauyandikire. Iwe ukhala wojambula wathu mpaka chisankho. Ndipo abwana amva kuti unasiyira panjira. Akuti Januwale, kapena teremu iliyonse ungafune, ubwerere kusukulu. Zonse ndi zawo."

Vitu anatambasula dzanja kufuna katoni ija.

"Nanga chisankho chikatha, alonda akowo adzakhalapobe? Mayi Rahma akhala m'mudzi muno mpaka imfa, pamodzi ndi amene awatukwanawo."

"Za mawa n'za mawa. Foni ndikusiyira, uizolowere. Ndikupeza mawa masana."

Njinga itapita, Mwawi anayatsa foni ija n'kuloza Vitu. Chithunzi chinatuluka choyera, mpaka nsidze zinkawerengeka. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaizimitsa, anaibwezera m'katoni, n'kupita kwa mayi Nester kukawauza zonse.

Mayi Nester sanamukumbutse zimene ananena pa msonkhano paja. Anangotuma uthenga kwa azibambo a m'gulu kuti akagone kudambo, kenako anati, "Mawa ulawire. Tipita kuboma."

4. Kwa a Raston

A Raston anali muulutsi wakale pa wailesi ya m'deralo, bambo wa imvi ndi magalasi omanga ndi ulusi. Anamvetsera nkhani yonse, anaonera makanema onse awiri, n'kuvula magalasi.

"Ndiye mwatikumbuka ife a m'bokosi?" anatero akumwetulira. "Ndimayesa tinatha ntchito. A magolosale anatithawa, a mabasi anatithawa, aliyense akudzilengezera m'thumba mwake."

Mwawi anawerama.

"Dzutsa mutu, mwanawe, sindikukunyoza. Kanema wakoyu ndi wokoma, ine sindingathe. Koma ndikuuze mmene timagwirira ntchito kuno. Munthu akabwera ndi nkhani yoti uje wachita chakuti, sitithamangira pa maikolofoni. Timayamba tamufunsa ujeyo. Nkhani imadutsa m'manja mwa anthu angapo, wina amati apa chotsa, wina amati apa ukafunsenso. N'zochedwa, inde, ndipo achinyamata mumatiseka. Koma iwe pafoni pako ndiwe mtolankhani, ndiwe mkonzi, ndiwenso mwini wailesi. Palibe wokugwira dzanja. Ndiye maso a anthu onsewo uyenera kukhala nawo wekha. Usataye foniyo, ayi. Mpeni ukakucheka sutaya, umaphunzira kagwiridwe. Ndipo andale usawaope, koma udziwe kuti wandale akakupatsa chinthu amakhala wagula pakamwa pako. Walira mvula walira matope."

"Ndiye titani, bambo?" anafunsa mayi Nester.

"Masana ano ndiwaimbira mayi Rahma, alankhule okha pa wailesi. Ndiimbiranso mbali zonse ziwiri, anene ngati akuvomereza zowotcha mpunga wa munthu. Makolo amva. Koma anyamata a njingawo wailesi satsegula. Bodza analipeza pafoni, zoona zikawapezenso pomwepo. Imeneyo ndi ntchito ya make mwanayu."

Mwawi anakweza mutu. "Bambo, mungalengezenso chinthu china? Muuze amayi onse a Tiyanjane, ndi ena ofuna, abwere kudambo kwa mayi Rahma masana ano. Aliyense atenge ndodo, chisaka, ndi nsalu imene amapunthirapo kwawo. Asasankhe, atenge yomweyo. Tikapuntha mulu wonse lero n'kututira kunyumba, owotchawo adzawotcha mapesi."

A Raston anayang'ana mayi Nester. "Mwati anasiyira Folomu 2?"

5. Ndodo zambiri

Dzuwa litangopendeka, dambo linadzaza. Anabwera a m'gulu, anabwera a kumpingo, anabwera a kumzikiti, ena ochokera midzi yoyandikana atamva pa wailesi. Atayala nsalu zawo, ngakhale mayi Nester anagwira pakamwa.

Panali a Dyton ofwifwa. Panali a Useni ong'ambika khutu. Panali andale ena oti anaiwalika kalekale, nsalu ya kwaya, ya banki, ya sopo, ya kampeni ya katemera. Onse anagona chagada padambo kudikira mpunga.

Mwawi anamanga Vitu zolimba, anatulutsa foni yake yosweka ija, n'kuyenda kwa mayi aliyense.

"Ndikujambuleni? Nsalu yanu ioneka, nkhope yanu ioneka. Mukakana palibe mlandu."

Awiri anakana, ndipo anawapempha kuti apunthire kumbuyo kwake. Kenako anayang'ana kumanja, kumanzere, pansi, n'kuyamba. Sanadule kanemayo pena paliponse, kuti wina asadzanene kuti analumikiza.

"Kuno ndi ku Malengachanzi," anatero. "Umu ndi mmene timapunthira mpunga. Onani pansi."

Ndodo zinagwa pamodzi. Pha! Pha! Pha! Mayi Rahma anayambitsa nyimbo, dambo lonse linavomera. Mwawi anadutsa nsalu imodzi imodzi, kenako anaima pa mayi Rahma.

"Ine ndine Rahma, mkazi wa a Swaibu," anatero akupukuta thukuta. "A Dyton, ngati mukundiona, sindinakumenyeni ine, ndimamenya mpunga. Voti yanga ndi chinsinsi changa. Koma nsalu yanu ndiyamikire, ndi yolimba. Ya a Useni inandithera msanga."

"Bodza!" anakuwa mayi wina kumbali. "Yanga ya a Useni iyi, ana awiri yalera!"

"Ndiye anakupatsa yabwino poti ndiwe wokongola!"

Kuseka kunamveka mpaka kumsewu. Mwawi anamaliza ndi matumba odzaza, anatchula nambala ya foni, n'kutumiza pomwepo.

Sadick anafika fumbi la mankhusu lili tolo. Anaima pamzere wa munda, nsapato zake zoyera akuziteteza kumatope. Mwawi anamasula katoni ija pansonga ya chitenje n'kumupatsa.

"Yako iyi. Ndinangojambula mwana, ndafufuta."

"Ukudziwa chimene ukukana? Sukulu, Mwawi! Udzakalambira m'dambo momwemuno."

"Sukulu ndidzabwerera ndi mpunga wanga. Ukawauze abwana ako kuti nawonso alimo mu kanema, asadandaule."

Sadick anatsegula pakamwa, koma phokoso la njinga zina linamudula. Anali anyamata a dzulo aja. Anaima chapatali, akuyang'ana pamene panali mulu. Panatsala mapesi okhaokha.

Mayi wina wamfupi anaponya ndodo pansi n'kuyenda molunjika kwa amene anali kutsogolo.

"Iwe Blessed! Ukuyesa chipewa chingandibisire mwana wobala ndekha? Ndamva pa wailesi zimene munachita dzulo, manyazi andigwira mpaka m'mafupa. Bwera kuno. Ukuiona nsalu iyo ndikupunthirapoyo? Ndi a Dyton ako omwewo. Iwe wemwe unabwera nayo kunyumba. Yamba wawotcha mpunga wanga!"

"Amayi, ife timangowaopseza..."

"Tsika! Njingayo ili ndi ntchito. Matumba awa apite kwa a Swaibu, ndipo ukafika ukalowe m'nyumba ukawapepese."

Blessed anavula chipewa. Anzake anayang'anizana, kenako mmodzi anatsika, wina naye anatsika. Matumba anayamba kuyenda pa njinga zomwe zija, awiri awiri. Mayi Rahma anatsatira lomaliza wapansi, lichero lili pamutu. Podutsa pa Mwawi anaima, anamukonzera nsalu yoberekera imene inali itamasuka, n'kupitirira.

6. Alendo awiri

Amayi, atagwirizana zoti azipunthirana munda ndi munda, anali akukutumula nsalu zawo pamene foni ya Mwawi inalira. Anali a Raston.

"Make Vitu, kanema wako wandipeza kuno ndisanamufune. Mdzukulu wanga wanditumizira kuchokera ku Mzuzu. Koma khala pansi, ndili ndi uthenga."

"Ndakhala, bambo," anatero Mwawi ali chiimire.

"A Dyton aimba. Akuti aseka mpaka kutsamwa, ndipo zowotchazo si iwo anatuma. Akufuna kubwera Loweruka m'mawa kudzapuntha mpunga pamodzi ndi amayi, pa nsalu yawo yomweyo. Akuti wojambula ukhale iwe."

"Ine?"

"Sindinamalize. Nditangoika foni pansi, aimbanso a Useni. Nawonso akubwera kudzapuntha. Loweruka. M'mawa. Dambo lomwelo. Ndipo akuti safuna wojambula wina."

Mwawi anatsitsa foni pang'onopang'ono. Mayi Nester anali atamuyandikira, nsalu ili paphewa.

"Nkhope yagwa bwanji? Kwagwanji?"

"Amayi," anatero Mwawi, "munda wotsatira kupuntha Loweruka ndi wa ndani?"

Mayi Nester anaganiza pang'ono, kenako nsalu ija inagwa paphewa.

"Ndi wanga."